Mkazi Wanga wa pa Kuponi

Anthu akandifunsa za kachipsera kali pamwamba pa khutu langa lakumanzere, ndimawauza kuti ndinagwa pa njinga. Limenelo ndi bodza. Ndi lezala imeneyo, inandicheka pondimeta mpala ngati wamasiye wa mkazi amene sindinamuonepo ndi maso angawa. Ndaganiza zoulula ndekha, chifukwa kwathu ku Chulu nkhaniyi aliyense amaithira mchere wake, moti ena afika ponena kuti ndinkagona kumanda.

Makuponi a fetereza atangoyamba, tinauzidwa kuti wolandira ndi wapabanja, osati batchala wodya kwa amake ngati ine. Koma munda ndinali nawo, ndipo fodya wopanda fetereza amangokuyang'ana ngati mwalakwirana. Tsono tsiku lolembetsa ndinapita kwa mayi Nachisale, mlembi wa komiti ya m'mudzi, amene amasunga kaundula komanso kulembera amfumu makalata (amfumu athu maso anafooka kalekale, ntchito yawo ndi kudinda basi). Ndinawauza kuti ndinakwatira.

"Zikomo, sitinamve nthungululu," anatero osadzutsa mutu. "Dzina la mayiwo?"

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti bodza limafuna kulikonzekera. Dzina la mtsikana wa m'mudzi sindikanatchula, akanandimangirira nalo. Ndiye pakamwa panangotuluka dzina limene ndinkaliona tsiku lililonse popita kumunda. Njira yathu imadutsa pa esiteti ina imene inatsekedwa kale, zigafa za fodya zonse zinagwa, ndipo kuseri kwake, pansi pa mabulugamu, pali manda a matenanti amene anafera pantchito. Ambiri ndi milu chabe. Koma amodzi ali ndi kachikwangwani kodula ku chitini, zilembo zake zoboola ndi msomali: Aginesi Makwinja, wa ku Phalombe.

"Aginesi Makwinja," ndinatero. "Panopa ali kwawo ku Phalombe, akudwazika amayi awo."

Mayi Nachisale anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kulemba. Musawaweruze. M'bukumo munali mabanja amene ngakhale agalu a m'mudzi sankawadziwa. Ndipo popeza kunamveka zoti maina a amayi sakuwadula, ndinati kuponiyo ikhale m'dzina la mkazi wanga. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu, ndikudziona ngati munthu wanzeru kuposa boma.

Tsiku logawa tinasonkhana pa bwalo la sukulu. Mlangizi anakuwa pa chimkuzamawu, "Aginesi Makwinja!" Ine ndinaimirira n'kunena kuti ndine mwamuna wake. Anthu anaseka pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mawa lake, pobwera kumunda masana, ndinapeza kabeseni kobiriwira pakhomo panga, kovundikira bwino ndi mbale. Nditavundukula ndinaona nyemba zikuluzikulu zimene sindinazidyepo. Ndinali ndi njala, ndiye ndinadya zonse (ndikudziwa, musandiuze). Kenaka ndinatenga zotsalira m'mbali mwa beseni kukawaonetsa amayi.

"Uyu ndi kalongonda," anatero amayi, nkhope itasintha. "Kuno saphika zimenezi. Amaphika ndi anthu a ku Mulanje ndi ku Phalombe uko. Wakupatsa ndani?"

Mawu oti Phalombe atandilowa m'khutu, ndinakumbukira kachikwangwani ka kumanda kaja. Beseni ndinalisiya panja, ndipo pofika madzulo linali litapita. Chaka chotsatira zinachitikanso chimodzimodzi, tsiku lotsatira kugawa makuponi: beseni lomwelo, lokhala ndi chipsera chakuda m'mphepete. Ulendo umenewo ndinapatsa galu, ndipo galuyo ndinakhala ndikumuyang'anira sabata yathunthu. Sanafe. Ananenepa.

Panalinso china. Pa njira ya ku esiteti ija ndinayamba kukumana ndi mayi wina wachikulire, wowonda, wosenza nkhuni kapena khasu. Akangondiona patali ankapatukira m'tchire, n'kugwada chondifulatira, atafunda chitenje kumutu, mpaka nditadutsa. Ndikapereka moni sankayankha. Ndinkangoti ndi wamisala, koma ndikamudutsa ndinkapalasa njinga ngati ndaba nkhuku.

Zinayenda choncho zaka zisanu. Munthu amazolowera chilichonse, ngakhale ndiwo zochokera kosadziwika.

Ndiye kunabwera Tamala. Ankachokera ku Zambia, mbali ya ku Lundazi, kudzagulitsa zitenje pa msika wathu. Ndinagula zitenje zitatu ndilibe womupatsa, ndipo pa chachinayi anandifunsa ngati ndatsegula sitolo. Sindibisa, ndinamukonda mtsikana ameneyu mpaka kuiwala kuthirira nazale. Ankhoswe anayenda, zonse zinalongosoka, kufikira pamene ndinakhala pamaso pa bambo ake, a Zimba, amene anapuma ntchito ya ukalaliki ku boma la kwawoko. Mwana wawo wamkulu anatengedwapo ndi dalaivala wa thiraki amene anadzapezeka kuti ali ndi mkazi ndi ana anayi kwina, ndiye kuyambira pamenepo mkuluyo sankakhulupirira munthu, ankakhulupirira chidindo.

"Ukwati uwu ukamangidwe ku ofesi, kuno kwathu," anatero. "Ndipo inu mudziwe kuti kuno ndinu folena."

Ine folena! Munthu woti mvula ikagwa kwawoko ndimaiona ndili pakhonde panga. Koma anatulutsa pepala n'kuyamba kuwerenga: pasipoti, kalata yosonyeza zaka zanga, zithunzi, mboni ziwiri, ndiponso maina athu akapachikidwe pa bolodi masabata atatu kuti wotsutsa atsutse. Pomaliza anagogoda tebulo ndi chala.

"Chachikulu ndi ichi: kalata yochokera ku boma lanu yonena kuti kwanuko mulibe mkazi. Ikapanda kubwera imeneyo, mwana wanga sawoloka malire."

Ndinaseka, n'kunena kuti imeneyo ndiye yosavuta. Ndinkanena zoona, chifukwa Aginesi ndinali nditamuiwaliratu.

Pasipoti inandidyera mabelo a fodya, koma inatuluka. Ku boma kalaliki anandiuza mwaulemu kuti iwo sangadziwe za kuchipinda kwanga, ndiyambe ndabweretsa kalata ya amfumu. Ndinapalasa kubwerera ku Chulu, molunjika kwa mayi Nachisale. Anamvetsera, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kaundula uja.

"Achimwene, apa palembedwa kuti muli ndi mkazi."

"Aaa, mayi, inunso mukudziwa mmene zinakhalira."

"Ine ndikudziwa zimene ndinalemba. Ndikalemba lero kuti simunakwatirepo, kalatayo ikadutsa m'maofesi, wina n'kuiphatikiza ndi bukuli, mawa abwera kudzawerenga mudzi wonse khomo ndi khomo. Mukufuna anthu akuotchereni nyumba? Mkazi amachoka m'buku muno m'njira ziwiri: ukwati kutha pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, kapena imfa."

"Ndiye anamwalira," ndinatero msangamsanga. Ndipo kwa nthawi yoyamba pa nkhani ya Aginesi ndinali nditanena zoona.

"Pepani ndithu," anatero mayiwo, nkhope ili gwa. "Mukationetse manda. Komanso abwere wachibale wake adzakusudzuleni, atiuze pagulu kuti akumasulani. Wamasiye wosasudzulidwa sindingamulembere kalata yokakwatira, amfumu sangadinde."

Manda ndinali nawo, amenewo sanandivute. Chimene chinandivuta ndi chaka cholembedwa pa kachikwangwani kaja, chifukwa powerengera, mkazi wangayo anamwalira ine ndili sitandade 5. Tsono nzeru zanga zija, zomwe zinandilowetsa m'dzenje, zinandiuza kuti ndikumbe lina: nditenge msomali ndi kahamala, ndikakonze manambala awiri. Za wachibale ndinati ndiona pambuyo, kumsika sikusowa munthu wotha kulira.

Ndinapita dzuwa lili paliwombo, poganiza kuti mizimu nayo imapuma masana. Mwezi wake unali wa Okutobala, kunja kuli zii, ngakhale njiwa osalira. Njinga ndinaitsamiritsa pa nsanamira ya chigafa chakugwa. Manda ena onse anali m'maudzu ouma ofika m'chiuno, koma a Aginesi anali osesedwa, mizere ya tsache ikuoneka, ngati wosesayo wangochoka kumene. Zaka zonsezi ndinkangowerenga dzina ndili pa njinga, sindinadzifunsepo kuti n'chifukwa chiyani limaoneka bwino chotero. Ndinagwada, ndinaika msomali pa nambala, ndipo ndisanamenye ndinaona chinthu kuseri kwa chikwangwanicho. Linali beseni lobiriwira, la chipsera chakuda m'mphepete.

Hamala inagwa yokha.

"Musaboole pamenepo, apongozi. Anaboola ndi bambo ake."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga, otsika, a munthu wamkazi. Ndimafuna nditakuuzani kuti ndinatembenuka mwachimuna. Zoona zake n'zakuti ndinayesa kuthawa ndili chogwada, ndinakodwa mu buluku langa lomwe, n'kugwa chafufumimba pa manda a eni ake oyandikana nawo, ndikukuwa dzina la amayi anga. Zina zimene zinachitikira bulukulo ndisiya, pakuti nkhaniyi amawerenganso ana.

Nditadzutsa mutu ndinaona munthu atakhala pansi pa bulugamu, wandifulatira, chitenje chili kumutu. Anali mayi uja wa panjira. Sanatembenuke, ankalankhula ndi mtengo.

"Khalani pansi, mtima utsike. Ine ndine make Aginesi."

Pamenepo m'pamene zinandilowa m'mutu. Kupatuka kuja, kugwada kuja, kufunda kumutu kuja, sinali misala. Unali ulemu umene mayi amapereka kwa mkamwini wake. Zaka zisanu ndinkathawa apongozi anga pa njinga.

Anandifotokozera ali chifulatire. Anabwera kuchokera ku Phalombe pa lole ya matenanti, iwo, amuna awo ndi mwana mmodzi yekhayo. Aginesi anadwala malungo nyengo yosankha fodya, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo anapita m'masiku atatu. Galimoto yonyamula maliro kupita kwawo panalibe. Esiteti itatsekedwa anzawo onse anabwerera, amuna awo anadzamwalira pambuyo pake, koma iwo anakana kuchoka. Anapeza kakhumbi pa esiteti yoyandikana nayo, n'kumasoka fodya wa eni.

"Ndikanamusiya ndi yani mwana pakati pa alendo?" anatero. "Tsiku lija ndinapita ku sukulu kukangoonerera, ife matenanti satilemba. Ndiye ndinangomva chimkuzamawu chikuti Aginesi Makwinja. Apongozi, chimuikireni m'manda, palibe munthu anali atatchulapo dzina limenelo. Ndinakhala pansi. Kenaka ndinaona mnyamata waimirira, akuti ndine mwamuna wake."

"Mayi, ndinalakwa," ndinatero. "Ndinkangofuna fetereza."

"Ndikudziwa. Mukuyesa ndine wopusa? Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ndinu wakuba. Koma anthu onse amadutsa pano osacheuka, inu nokha ndi amene munawerenga. Mwana wanga anafa wosakwatiwa. Ndinati, kaya ndi wabodza, koma kamodzi pachaka aziitanidwa pagulu ngati mayi wapabanja. Ndiye mkamwini sakhala ndi njala apongozi ake ali moyo."

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Mantha aja anali bwino, chifukwa mantha umathawa nawo. Ndinalira pamenepo, munthu wamkulu, buluku lili lonyowa, msomali uli m'manja. Ndinawauza zonse, za Tamala, za a Zimba, za kalata. Nditamaliza, ndinayamba kuganiza kuti ukwati wanga wathera pansi pa bulugamu.

"Ndidzakusudzulani," anatero potsiriza. "Koma mwambo wake wonse. Simunamulire, ndiye mumulira."

Loweruka lake mudzi wonse unasonkhana kwa mayi Nachisale, ngakhale amene sabwera ku maliro enieni. Anandikhazika pa mtondo wogwetsa, amalume anga n'kutenga lezala. Amalumewo ankadziletsa kuseka mpaka dzanja linkagwedera, ndipo kachipsera kaja kanabadwa pamenepo. Anyamata anzanga ankafunsana mokweza ngati malemuwo ankaphika bwino. Koma mayi Makwinja ataimirira, phokoso lonse linatha. Anavula chitenje kumutu, n'kundiyang'ana m'maso koyamba. Anandipatsa singano yawo yosokera fodya, poti china choti apereke analibe.

"Mwana wanga munakhala naye bwino, simunamumenyepo," anatero. "Pitani, kakwatireni. Ife kwathu tilibe nanu mangawa."

Palibe anaseka. Mayi Nachisale anapukuta magalasi, nalemba kalata yonena kuti ine sindili pa banja ndi munthu aliyense wamoyo. Kalaliki wa ku boma anaiwerenga kawiri, n'kuyang'ana mutu wanga. Kenaka anandilembera yawo ija, yachizungu, yokhala ndi chidindo chofiira.

Ndinafika nayo kwa a Zimba ndikuyenda ngati ndagula galimoto. Tsoka ilo, pamaso pa apongozi suvala chipewa. Mkuluyo sanayang'ane n'komwe kalatayo, maso anali pa mpala wanga.

"Mwaferedwa ndani?"

Ndikanatha kunena kuti ndi nsabwe. Bodzalo linafika mpaka pa lilime. Koma singano ija inali m'thumba la malaya, ikundibaya pachifuwa, ndipo ndinaona kuti mabodza anga amakhala ndi amayi awo. Ndinaulula zonse, Tamala ali pakhomo akumva. Nditamaliza, a Zimba anapinda kalata ija bwinobwino n'kundibwezera.

"Dalaivala uja anabisa mkazi wamoyo," anatero. "Inu mwabisa wakufa. Sindikudziwa kuti woopsa ndani."

Tsiku la ukwati limene tinapangana linadutsa, maina athu sanapachikidwe pa bolodi. Mwezi wathunthu Tamala sanaoneke pamsika, ndipo ine ndinaonda mpaka amayi anayamba kukayikira kalongonda uja. Kenaka tsiku lina anangotulukira pakhomo, wopanda zitenje zogulitsa.

"Ndiperekezeni kwa akulu anga," anatero.

"Akulu ako ati?"

"Amene munayamba kuwakwatira. Ine si wachiwiri kodi?"

Ndinamutengera ku mabulugamu kuja. Anasesa nawo manda, anakhala ndi mayi Makwinja mpaka dzuwa kupendeka, ine atandiuza kuti ndikadikire ku njinga. Zimene anakambirana sindikuzidziwa mpaka lero, ndiponso zimene anakawauza adada ake sindikuzidziwa. Ndinangolandira uthenga woti ndibwere ndi mapepala anga. Maina anakhala pa bolodi masabata atatu, ine osagona tulo poopa kuti wina atsutsa (ndinkaopa wotsutsa wamtundu wanji, ganizani nokha). Sanabwere aliyense. Tinasainira, mboni zinasainira, ndipo folena uja anatenga mkazi wake.

Nyengo ya makuponi itakwananso ndinapita ku bwalo la sukulu ndi mtima woyera, ndikudziwa kuti tsopano ndalembedwa m'dzina langa. Ndinakhala kutsogolo. Mlangizi anawerenga maina, anawerenga, kenaka chimkuzamawu chinati, "Aginesi Makwinja!"

Ndinauma. Ndisanaganize n'komwe chochita, kumbuyo kwanga mawu a mtsikana anayankha momveka bwino, "Ndilipo!"

Tsitsi limene linali litangomera kumene linaima lonse. Ndinatembenuka pang'onopang'ono, ndikupemphera. Anali Tamala, ataimirira, dzanja lina atagwira mayi Makwinja. Tamalayo monga mlendo m'dziko muno sakanalembedwa m'kaundula, ndiye amayi atatuwa, kuphatikizapo mayi Nachisale, anagwirizana kuti dzinalo lisafufutidwe, lingochoka pa khomo langa. Matumba ake a fetereza ankapita ku kamunda ka mayi Makwinja, ndipo wonyamula pa njinga munthu wake mukumudziwa. Ndinayesa kunena kuti kumeneko n'kuba. Tamala anangondiyang'ana pa chipsera, ine n'kutseka pakamwa.

Mayi Makwinja anamwalira chaka chathachi. Tinawaika pafupi ndi mwana wawo, ndipo chikwangwani ndinaboola ndine, ndi msomali womwe uja. Mayi Nachisale anafufuta dzina lija m'buku tonse tikuona, ndipo ndinati basi, nkhani yatha. Ngati pali phunziro, ndi lakuti dzina lili pa manda si lotola, lili ndi mwini wake amene akulisesera.

Koma tsiku lotsatira kugawa makuponi chaka chino, pobwera kumunda masana, ndinapeza beseni lobiriwira pakhomo, lovundikira ndi mbale, likadali lofunda. Tamala akulumbira kuti kalongonda sadziwa kuphika, ndipo ponena zimenezo sanandiyang'ane kumaso. Sindinafunsenso kachiwiri. Ndinasamba m'manja, ndinati zikomo apongozi, n'kudya.